Amene watsala pa tebulo lanu adziwa zambili: mau kwa amalonda a ku Wusakile

Abemba amene muli muno, acimbuya anga, mwapoleni mukwai. Nidziwa kuti kuno ku Kopala Cinyanja cimayenda monga mlendo, koma lelo munipilile. Ise a kum'mawa tinabwela kale ku migodi, mbewa zathu tinazisiya ku Katete, ndipo kolwe wanu sitinamugwilepo. Conco tisayambane.

Zikomo kuti mwasiya malonda kwa kanthawi. Ola limodzi pano ni makasitomala angapo amene apita kwa mnzanu, ndiye sinidzacedwa. Niyambe na funso. Pamene imwe muli khale pano, n'ndani watsala pa tebulo? N'ndani ali mu kantemba, n'ndani ali mu booth? Ena mwasiya mwana wa mlongo wanu. Ena mwasiya mtsikana amene mumalipila pa mwezi. Ena mwangouza mnyamata wa wilibala kuti aziponyako maso. Nkhani yanga lelo ni ya munthu ameneyo.

Nthawi zino ni zolimba, palibe amene afunika kuuzidwa. Unga wadula, malaiti amapita, ndalama ya oda siikwana monga kale. Malonda akagwa, coyamba cimene ambili timaganiza ni cakuti, "Nimucotse cabe uyu, nizigulitsa nekha." Kapena, "Nipeze wina wochipa." Ine nabwela kukupemphani kuti musanacite zimenezo muwelenge bwino, cifukwa pali katundu wina amene saoneka pa tebulo, sali mu buku, koma akacoka mudzamumva m'thumba.

Kuno ku Wusakile nkhani iyi siifunika kubwelekedwa kwina. Komboni ino inamangidwila anthu ogwila nchito mu mgodi wa Nkana, umene unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932. Masiku amenewo nchito zonse za ukatswili zinali za azungu. Munthu wakuda akanatha kukhala pansi zaka khumi, kudziwa njila zonse, kuphunzitsa mzungu watsopano amene wangofika kumene, koma dzina lake linali "boy" mpaka imvi. Mu 1940 anchito akuda ananyanyala nchito pa Nkana na ku Mufulira. Cina cimene ananena cinali cakuti, tipatseni shifiti yathu tokha, azungu nawo yawo okha, tione amene atulutsa mkuwa n'ndani. Mvetsetsani mau amenewo. Anali kunena kuti nzelu za nchito iyi zili na ife, malipilo ndiwo ali kwa ena. Yankho inali mfuti. Asilikali anaombela pa Nkana ndipo anthu 17 anafa. Mu 1949 m'pamene anchito anapanga bungwe lawo lalikulu, mtsogoleli wake Lawrence Katilungu, amene nyumba ya MUZ mu tauni muno ichedwa na dzina lake mpaka lelo.

Ambuya anga aamuna anali shimaini. Ananiuza kuti asanalowe pamalo pamene aphulitsa kumene, munthu wodziwa anali kutenga mugwala n'kugogoda mwala wa pamwamba. Mwala wolimba umalila mwina, mwala umene ufuna kugwa umalila mwina, monga ng'oma yoboweka. Khutu limenelo silinali kupezeka ku koleji. Linali kubwela na zaka, ndipo linali kupulumutsa gulu lonse. Pamene dziko linalandila ufulu mu 1964 tinali cabe na anthu pafupi-fupi 100 amene anatsiliza yunivesiti, koma migodi sinaime. Inayenda pa mapewa a anthu monga amenewo.

Manje onani zimene zinacitika pambuyo pake. ZCCM, imene inapangidwa mu 1982, inagulitsidwa zidutswa-zidutswa. Mgodi wa ku Luanshya unapita kwa a Binani mu 1997, ndipo pofika 2000 kampani ija inali itagwa. Nkana na Mufulira zinakhala Mopani mu 2000. M'zaka zimenezo anthu ambili-mbili anapatsidwa makalata, ena a iwo muli nawo muno, ena ni amuna anu, ena ni atate anu. Pa pepala la akaunti, kucotsa munthu wa zaka makumi awili pa nchito kumaoneka monga phindu: malipilo acepa. Palibe mzele pa pepala limenelo wolembapo kuti uyu ndiye anali kudziwa pampu ija ikayamba kulila mwacilendo, uyu ndiye anali kudziwa kumene madzi amaloŵela. Eni ake a mgodi asintha kangati? Glencore inacoka mu 2021, ZCCM-IH inatenga, mu 2024 kunabwela a IRH a ku Abu Dhabi. Aliyense amabwela na ndalama zake na mabwana ake. Koma amene adziwa pansi paja ni anthu a mu Wusakile, a ku Chamboli, a ku Mindolo.

Mwina wina anena kuti, "Iwe mwana, ife tigulitsa kapenta, za migodi zitikhudza bwanji?" Zikukhudzani cifukwa pa tebulo lanu imwe ndimwe Glencore. Imwe ndimwe muli na pepala la akaunti, ndipo imwe ndimwe mungacite colakwa cimodzi-modzi.

Lekani nikuuzeni za m'banja mwathu. Amai anga aang'ono anali kugulitsa kapenta, nsomba zouma na nyemba. Anali na mtsikana amene anagwila nawo zaka zinai. Tsiku lina madzulo powelenga ndalama panasowa K50. Amai anakalipa, anamunena kuti kawalala pamaso pa anthu, mtsikana uja anatenga citenje cake n'kupita. Mpaka lelo palibe adziwa ngati anaba kapena cenji inapitilila kwa kasitomala. Koma zimene zinatsatila tinaziona tonse. Azimai atatu ophika nsima amene anali kutenga meda tsiku na tsiku analeka kubwela, cifukwa amene anali kuwasungila kapenta yabwino na kuwapelekela pa malo awo anali mtsikana uja. Munthu wobweletsa kapenta kucokela ku Mpulungu anali kutumila foni ya mtsikana akafika, osati ya amai, conco oda yabwino inayamba kuwapita. Nkhongole zina zinali mu buku, koma zambili zinali m'mutu mwa mtsikana: uyu amalipila pa 25, uyu amalipila mwamuna wake akafola, uyu musam'patse ngakhale alile. Amai anayamba kukongoza anthu amene mtsikana anali kuwakana mwaulemu, na kukana anthu amene anali kulipila bwino. Mwezi usanathe, K50 ija inaoneka yocepa kwambili. Anamutumila mau kuti abwelele, koma anali atapeza kale tebulo lina, mzele waciwili kucokela pa lawo.

Ganizilani zimene wanchito wanu adziwa. Amene amakhala pa matimati adziwa mlimi amene amaika akulu-akulu pamwamba pa bokosi na oola pansi. Adziwa kuti bokosi ili lifunika kutha lelo ngakhale mtengo utsike, ili lingagone. Wa salaula amene watsegula mabelo zaka zitatu amangogwila nsalu n'kudziwa kuti iyi ni ya pa hang'ala, iyi ni ya pa mulu. Adziwa mai amene amafuna madilesi a ku chechi, adziwa mnyamata amene amabwela kufuna majini pa Cisanu. Mtsikana wa mu booth adziwa ola imene floti imatha, adziwa masiku amene anthu amacotsa kwambili na amene amaika, ndipo adziwa mau a munthu amene wabwela na meseji yabodza. Mnyamata wa mu buchala adziwa kuti malaiti akapita maola angati nyama ya mu firiji iyi imayamba kusintha, pamene ya mu firiji inayo ikali bwino. Ngakhale wa wilibala: iye amazungulila msika wonse, amafika ku Chisokone m'mamawa imwe mukali kukonza ana, amamva mitengo isanafike kuno. Munamufunsapo?

Ndiye vuto yake ni imeneyo, sitifunsa. Kwathu tinaleledwa kuti wamkulu ndiye alankhula, mwana amvela. Ni mwambo wabwino panyumba, koma pa malonda umatidyela ndalama. Mtsikana aona kuti mbasela imene mupatsa yacepa ndipo makasitomala ayamba kupita kwa mnzanu, koma akhala cete cifukwa tsiku lina atayesa kunena munamuyankha kuti, "Ndalama ni yako kapena ni yanga?" Kucokela tsiku limenelo anatseka pakamwa. Mukali kumulipila, koma mugula manja cabe, mutu anausiya kunyumba.

Mabasi amene mumakwela kupita mu tauni, ambili ni Toyota. Kampani imeneyo ku Japan inayamba mu 1951 kupempha anchito ake onse kuti azibweletsa maganizo a mmene nchito ingayendele bwino. Inaikanso cingwe m'fakitale cakuti wanchito wamba akaona colakwika akoke, ndipo ngati vuto siinathe mwamsanga mzele wonse wopanga magalimoto umaima. Ganizani, munthu womanga mabauti kuimitsa fakitale. Iwo anaona kuti amene agwila citsulo ndiye ayamba kuona vuto, bwana amaimva mocedwa. Ngati kampani yaikulu conco imamvela wa mabauti, ife a tebulo limodzi tinyada ciani?

Nidziwa zimene zili m'mitima yanu, cifukwa namvapo amai ambili akunena. Coyamba: "Ana a masiku ano ni akawalala." Sinidzanama, alipo amene amaba. Ena muno munalilapo. Koma kuba kumakonda malo amene mulibe buku. Ngati m'mamawa muwelengela pamodzi katundu, madzulo muwelengela pamodzi ndalama, wakuba amaonekela msanga ndipo wokhulupilika amatetezeka ku mau oipa. Ndipo tinene zoona, malipilo akacedwa miyezi iwili, munthu amene agwila ndalama zanu tsiku lonse ali na njala, mwamuika pa mayeselo imwe mwekha. Sinikuti kuba kuli bwino. Nikuti tsiku lolipila likhale tsiku lolipila, ngakhale ndalama ni yocepa.

Caciwili: "Nikamuphunzitsa zonse adzatsegula cake, adzanilanda makasitomala." Inde, ena adzatsegula. Nanga imwe munayamba bwanji? Ambili muno munayamba pa tebulo la munthu wina, munaphunzila kupima meda na manja a mai wina. Munthu wanzelu adzapita tsiku lina, mufune musafune. Cimene muli naco mphamvu ni mmene adzapitila. Akapita mwamtendele, mawa mudzagawana thilansipoti ya oda, mudzalowa cilimba cimodzi, adzakutumilani kasitomala cinthu cikamuthela. Akapita na misozi monga mtsikana wa amai anga, adzakhala mzele waciwili, ndipo makasitomala adziwa njila.

Conco cimene nipempha ni cocepa. Madzulo ano potseka, mufunseni kuti, "Lelo anthu anafunsa ciani cimene tilibe?" Funso imodzi cabe. Tsiku loyamba adzacita manyazi, mwina adzaganiza kuti mumuchela msampha. Funsaninso mawa. Akakuuzani cinthu n'kupeza kuti cagwila, muuzeni kuti cagwila, ndipo muikileniko kangacepe pamwamba, ngakhale ya thokutaimu. Munthu akaona kuti nzelu yake ili na mtengo amabweletsa ina. Gulani buku la K10, mulembe manambala a amene mumaodako, maina a ankhongole na masiku awo, kuti zinthu zisakhale m'mutu mwa munthu mmodzi, kaya ni iye kaya ndimwe. Cifukwa naimwe mungadwale. Maliro angakuitanileni ku Lundazi sabata yathunthu. Ngati wanchito wanu sadziwa kumene mumaoda na mtengo umene mumagulila cifukwa mumabisa, tebulo lidzagona mpaka mubwele. Ndipo mukafuna kumudzudzula, mutengeleni kumbuyo. Pamaso pa kasitomala ayi.

Kwa imwe anzanga amene mugwilila ena, nidziwa ena mwaimilila kumbuyo uko. Zimene mudziwa ni cuma, musazipeputse cifukwa mulibe pepala. Ine nili na dipuloma, koma munipatse belo la salaula nidzaluza ndalama tsiku lomwelo. Koma cuma cimeneco cimayenda na dzina labwino. Msika ni waung'ono, mbili imafika ku Chisokone imwe musanakwele basi. Amene muli na luso la manja, osoka, owochelela, okonza mafoni, fufuzani za mayeso a TEVETA, cifukwa pali njila yakuti luso limene munaphunzila pa nchito liyesedwe mupatsidwe pepala.

Manje nifike pa ndale, cifukwa mudziwa kuti sin'nabwele kudzagulitsa tomato. Zimene nakuuzani za tebulo lanu ni zimene ife tiuza amene alamulila. Msika nawo ni bizinesi, ndipo anthu amene audziwa ndimwe. Mudziwa pamene madzi amaima mvula ikagwa. Mudziwa geti imene anthu amaloŵela akatsika basi na imene palibe amene amapitako. Mudziwa mawaya amene alenjekeka moopsa. Mudziwa ola imene zimbudzi zimafunika madzi kwambili. Koma kangati mwaona anthu abwela na mafaelo, apima-pima, apita, ndipo pambuyo pake mungomva kuti mwasamutsidwa kapena levi yakwela? M'matauni ambili a dziko lino muli mashedi amene anamangidwa na ndalama zambili koma ali pululu, amalonda ali panja pa mseu. Akulu-akulu amati amalonda ni osamva. Ine niti amalonda atsatila kasitomala, ndipo amene anasankha malo sanafunse munthu amene anagulitsapo ngakhale mulu umodzi wa impwa.

Lamulo lilipo. Markets and Bus Stations Act ya mu 2007 inaika misika m'manja mwa makhonsolo na mabodi, osati m'manja mwa cipani ciliconse. Nikunena izi nili wa cipani, ndipo anzanga ena sadzakondwa: kada, kaya wavala mtundu wanji, ngakhale wathu, alibe nchito yotolela ndalama mu msika kapena kugawa matebulo. Tinaona kumene zimenezo zinatifikitsa. Cimene ife tifuna ni cakuti oimila amalonda azisankhidwa na amalonda eni ake, poyela, ndipo pakhale mpando wa anchito a m'misika, aja ogulitsila ena na a mawilibala, cifukwa pa misonkhano yonse iwo ndiwo amatsala kulonda katundu. Tifuna kuti ndalama za levi zizilembedwa pa bolodi pa geti mwezi na mwezi: zalowa zingati, zagula ciani. Ndipo shedi isanamangidwe kapena anthu asanasamutsidwe, mapulani abwele kuno muwaone, pensulo ikali ingafafanizidwe. CDF inakwezedwa kwambili kuyambila 2022, zimenezo sitikana. Funso yathu ni yakuti pa makomiti amene asankha zocita na ndalamazo, mau a mai wa pa tebulo amafika kangati.

Black Mountain ili apa, tonse timaiona tikatuluka pakhomo. Zaka zambili inali kuchedwa zinyalala za ku smelter. Anyamata a m'komboni ndiwo anali kukwela na mafosholo cifukwa anadziwa kuti muli cuma, ndipo ena anasiya moyo pamenepo, monga mu June 2018 pamene cigumuka cinapha anthu osacepela 10. Phili limenelo likanakhala na pakamwa likanatiuza kuti m'tauni muno anthu apansi amayamba kudziwa, koma amafunsidwa pothela, nthawi zina pambuyo pa malilo.

Ife acinyamata a cipani sitifuna kubwela kuno na manifesito yolembedwa ku Lusaka n'kukuŵelengelani. Sabata ya mawa, kuyambila pa Ciwili, tidzayenda tebulo na tebulo na mabuku. Tidzabwela masana pamene anthu acepako, osati m'mamawa. Sitidzafunsa khadi la cipani, sitidzalemba nambala ya NRC, ndipo amene safuna kuchula dzina asachule. Tidzafunsa zinthu zitatu: cimene cimakudyelani ndalama kwambili mu msika uno, cimene cingakonzedwe popanda ndalama zambili, na cimene munauzapo akulu-akulu koma sanamve. Zimene tidzapeza tidzazibweletsa kuno coyamba, muzimve, mukonze pamene talakwitsa, tisanazipeleke ku khonsolo na kuziika pa peji ino.

Pempho yanga yothela ni iyi. Tikafika pa tebulo lanu, tikatsiliza kukamba na imwe, mutilole tikambeko mphindi zisanu na uja amene amakugulitsilani, imwe mutapita kukamwa madzi. Amene muŵelenga pa Facebook muli ku Ndola, ku Masala kapena ku Chifubu, lembani pansipa za msika wanu, m'Cinyanja kapena m'Cibemba, tidzaŵelenga zonse.

Bwelelani ku matebulo, ana aja atopa kulonda.